Kolido ndi masitepe a nyumba ya eni

 

Lero za mayeso ndi za silabasi tiziike kaye pambali. Ndikufuna ndikambe za malo ena m'nyumba amene ambirife sitiwawerengera: kolido, kanjira kaja kodutsa pakati pa zipinda, pamodzi ndi masitepe. Pabalaza timasamalapo chifukwa mpamene alendo amafikira. Timaikapo mipando yooneka, nsalu yoluka patebulo, kalendala ndi chithunzi cha ukwati. Koma mukolido palibe amene amakhalamo pansi, ndiye timangomusiya choncho, mwina nkuponyamo njinga yakufa ndi thumba la chimanga. Chonsecho mukawerenga bwino, malo amene munthu amadutsapo kambirimbiri pa tsiku ndi omwewo.

Nyumba imene ndimakhala ndi ya sukulu. Amene mumaidziwa Thyolo mukudziwa kuti kuno malo athyathyathya ndi osowa. Omanga anaiika pamtsetse, motero balaza ndi zipinda zogona zili kumtunda, khitchini ndi bafa zili kumunsi. Cholumikiza mbali ziwirizi ndi kolido yotalika mamita 7, m'lifupi mwake masentimita 90 basi, ndipo kumapeto kwake kuli masitepe 9 otsikira kukhitchini. Zenera mulibe. Anthu awiri akakumana, wina amayenera kutsamira khoma kuti mnzake adutse. Pamene ndinkalowa, makoma anali ndi penti ya kirimu ija timaiona m'maofesi ndi m'zipatala, yoderako pamene pamafika manja a ana a mabanja onse amene anakhalamo ine ndisanabwere.

Chimene chinandiyambitsa ntchito ndi namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. Ife tinachita mwayi poyerekeza ndi anzathu ambiri a ku Thyolo kuno, ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre amene anataya nyumba ngakhalenso abale. Nyumba yathu inaima, kungoti khoma la mbali yakumtunda linamwa madzi mpaka penti kutukusira nkuyamba kusendeka, ndipo chuku chinamera kuyambira pansi kufika m'mawondo. Mlongo wanga, amene nyumba yake inagwa, anadzakhala nafe masabata atatu ndi ana ake. Malo atachepa, ana awiri ankayala mkeka mukolido momwemo. Tsiku lina wamng'onoyo anandigwira dzanja nati, “Amalume, muno mumakhala ngati m'dzenje.” Mwana sanama. Ndinaganiza kuti mvula ikangotha, malo amenewa tiwakonze.

Nditafotokoza maganizo angawa mu ofesi ya aphunzitsi, mnzanga wina amene ndagwira naye ntchito zaka zambiri anaseka mpaka kuika kapu pansi. “Achimwene, ndalama zakuchulukirani kodi? Nyumba ya eni imeneyo. Mawa kalata ya transifa ikabwera, khomalo mudzalisenza pamutu?” Mawu akewa anali ndi nzeru yake. Malipiro a mphunzitsi tonse tikuwadziwa, ndipo pofika Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, zinthu za m'sitolo za hadiweya nkukwera mtengo. Nayo transifa sinena kuti ndikubwera. Ndinabwerera kunyumba funso lake likundizungulira m'mutu.

Funso limeneli ndi lakale kuposa mnzangayo, makamaka kuno ku Thyolo. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891 ndipo kuno anafika mu 1908. Minda itakula, manja ambiri ogwira ntchito anali a Alomwe amene ankawoloka kuchokera ku Mozambique, ndipo makolo a agogo anga aakazi anali m'gulu limenelo. Anapatsidwa pomanga pa malo a esiteti, malipiro ake nkukhala thangata, kugwirira ntchito mwini malo kuti akulole kukhala. Lamulo la mu 1928 linkalola mwini esiteti kuchotsa mabanja ofika 10 pa mabanja 100 alionse pakatha zaka zisanu. Mkwiyo wa nkhani za malozi unali m'gulu la zimene zinabutsa zipolowe za ku Thyolo mu Ogasiti 1953, ndipo thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962. Nyumba za eni minda zina zilipobe. Huntingdon House ya ku Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anayambitsa mu 1923, alendo amachita kulipira kuti akagonemo. Nyumba za amene ankathyola tiyiyo zinali za dothi ndi udzu, ndipo mwini wake ankagona akudziwa kuti angauzidwe kuti asamuke.

Munthu wokulira m'moyo wotere angakhululukidwe atapanda kukhoma ngakhale msomali umodzi pakhoma. Koma agogo anga sanali otero. Mayi anga amasimba kuti ngakhale nthawi ya thangata ija, chilimwe chilichonse agogo ankapita kudambo kukatapa tsiro lakuda, nkukumba katondo wofiira kuseri kwa nyumba, nkusefa phulusa loyera. Ankazira pansi ndi pakhonde, kenako nkujambula mzere wokhotakhota kuzungulira khoma lonse, timadontho m'mwamba mwake. Ineyo ndinawaona ndi maso anga akuchitabe zimenezi atakalamba, msana utapindika. Wina akawafunsa chifukwa chodzivutitsira, yankho lawo linali lakuti mwini nthaka ndi wina, koma wogona m'nyumbamo ndi iwo. Nditakumbukira zimenezi, mtima unakhala pansi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nyumba yanga yeniyeni ndidzamanga ndikadzapuma ntchito, Mulungu akalola, koma ana anga akukulira muno, ndipo akadzakula akamadzati kwathu adzakhala akunena kolido imeneyi.

Tsono ndikuuzeni m'mene tinachitira, mwina wina zingamuthandize. Choyamba ndinapempha chilolezo kwa ahedi ndi akomiti, poti nyumba ndi ya eni. Chachiwiri, tinayambira kunja. Kupaka khoma lonyowa nkutaya ndalama, choncho ine ndi mnyamata wanga wamkulu tinakumba ngalande kumbali yakumtunda kuti madzi otsika m'phiri azilambalala nyumba, nkuyalamo miyala. Kenako tinapala penti yonse yakale ndi kachitsulo nkulisiya khomalo kuti liume. Kuno zimenezi zimafuna kuleza mtima, chifukwa mu Juni ndi Julaye chiperoni chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yamawawa, zovala osauma pachingwe masiku atatu. Tinadikira mpaka dzuwa la Seputembala.

Pa zopaka tinasankha laimu. Ena amaunyoza kuti ndi penti ya amphawi, koma m'dera lachinyezi ngati lino ndi umene umagwira ntchito. Penti yamafuta imatseka khoma ngati pulasitiki, chinyezi chikasowa potulukira chimaitukula nkuisenda. Laimu amalola khoma kupuma, komanso chuku sichimera msanga pamene pali iye. Ana anga a sayansi, mukukumbukira madzi a laimu aja tinkauziramo mpweya ndi kapaipi mpaka kuyera ngati mkaka? Zomwezo ndi zimene zimachitika pakhoma. Laimu amakoka carbon dioxide wa mumpweya nkuuma kubwerera ku mwala umene anachokera. Nchifukwa chake safuna kuthamangira. Timamusungunula kuti akhale ngati mkaka, osati ngati phala, nkupaka mopyapyala katatu, kusiya tsiku pakati. Mukangopaka amaoneka wotuwa ngati mwalephera. Mawa lake ndi pamene amayera. Samalani maso ndi manja, amawotcha.

Vuto la laimu ndi lakuti amatsalira pa zovala, ndipo mukolido yopanikiza ngati yathu phewa ndi chiuno sizilephera kukhudza khoma. Choncho kuyambira pansi kufika mita imodzi tinapaka simenti yosungunula yosakaniza ndi okusaidi wofiira. Itauma inatuluka mtundu wa dothi la m'minda ya tiyi, ndipo zala za ana sizionekerapo. Kuti mzere wa pakati uwongoke tinakoka chingwe chopaka makala nkuchimenyetsa pakhoma, monga amachitira amisiri. Pamasitepe mzerewo umatsika motsatira kupendekeka kwake.

Maganizo okongoletsa mzerewo anali a mayi akunyumba. Anatenga chigubu chakale cha mafuta ophikira, nkudulapo chibenthu, nkubowola chithunzi cha masamba awiri ndi kansonga, zimene wothyola tiyi aliyense amadziwa kuti ndiwo muyeso wa tiyi wabwino. Ndi kachitini kamodzi ka penti yobiriwira ndi kasiponji, anadinda masambawo motsatana kuyambira pakhomo la balaza mpaka pa sitepe yomaliza, ana akuwagwirira chibenthucho. Ena anapendekeka, ena penti inachucha pang'ono. Tinawasiya choncho. Ndikawayang'ana ndimaona mzere wa agogo uja.

Mdima tinalimbana nawo m'njira ziwiri. Pamwamba pa masitepe palibe siling'i, ndiye tinachotsa lata limodzi nkuikapo lija loonekera. Chinthu chimodzi chimenechi ndicho chinasintha kwambiri, moti masana sitiyatsanso getsi. Kenako tinapachika kalilole kumapeto kwa kolido, moyang'anana ndi khomo la balaza, kuti kuwala kolowera pazenera la kumeneko kuzibwerera. Khoma loyera limabweza kuwala, lakuda limakumeza, ndiye m'malo opanikiza mbali yaikulu ya khoma izikhala yowala.

Pa zopachika ndinadziikira malamulo atatu. Loyamba, chilichonse chisatulukire kunja kuposa kukula kwa chikhatho, apo ayi chidzakola thumba la munthu kapena mutu wa mwana. Lachiwiri, khoma limodzi lokha ndilo likhale ndi zinthu, linalo likhale lopanda kanthu, chifukwa mukadzaza mbali zonse kanjirako kamaoneka ngati kachepanso. Lachitatu, pakati pa chithunzi chilichonse pakhale pa mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, pamene pamafika maso a munthu woimirira. Ambirife timakonda kupachika zithunzi kufupi ndi denga, mlendo mpaka kupweteka khosi. Kuseri kwa fulemu iliyonse ndinamata zitsekerero za mabotolo m'makona kuti mphepo izidutsa pakati pa chithunzi ndi khoma. Popanda zimenezi, chiperoni chimodzi chokha nkhope zonse zimachita mawanga.

Nanga pakhomapo tipachikepo chiyani? Pamsika pamapezeka zithunzi za mathithi a kunja, za nyumba za chipale chofewa ndi za matimu a mpira a ku England. Sindikunyoza, aliyense ali ndi chimene amakonda. Koma ine ndinatsegula sutikesi ya pansi pa bedi nkutulutsa zithunzi za makalasi a Fomu 4 amene ndawaphunzitsa kuyambira 2004, zija ankajambula ajambuli oyenda panjinga, mafoni a kamera asanachuluke. Kalipentala wina wa ku Luchenza anandikhomera mafulemu ofanana kuchokera ku zidutswa za matabwa. Chakale kwambiri chili pansi pa masitepe, ndipo munthu akamakwera zaka zimakweranso, mpaka chatsopano chili pafupi ndi balaza.

Inu ana anga, dziwani kuti ndimakuonani m'mawa uliwonse ndikamapita kosamba. Alipo amene lero ndi anamwino, asilikali, aphunzitsi anzanga, oyendetsa kabaza, ogulitsa nthochi pa Bvumbwe. Alipo amene anabwerera m'munda mwa tiyi momwe munali makolo awo, ndipo tikakumana panjira amandipatsa moni dengu lili kumsana. Alipo atsikana amene ali pa chithunzi cha chaka china koma mayeso sanalembe. Aliponso angapo amene tinawaperekeza kumanda. M'sutikesi muja ndinkatha zaka osawaona. Pano ndikamakonzekera kupita m'kalasi ndimadutsa pamaso pawo, ndipo pali masiku ena amene zimenezi zimandichititsa kubwerera kukatenga buku limene ndikanalisiya.

Masitepe anali ndi nkhani yawoyawo. Panali sitepe imodzi, yachisanu ndi chiwiri kuchokera pansi, imene pafupifupi mlendo aliyense ankapunthwapo. Katswiri wina wa zomangamanga wa ku France, François Blondel, analemba m'zaka za m'ma 1670 lamulo limene omanga akuligwiritsabe ntchito: mukatenga kutalika kwa sitepe kawiri nkuphatikiza ndi kukula kwa popondapo, yankho lizikhala pafupi ndi phazi limodzi la munthu woyenda, masentimita 60 mpaka 65. Ndinatenga tepi. Masitepe enawo anali 17 kutalika ndi 28 popondapo, kutanthauza 62. Yovutayo inali 20 kutalika, yankho 68. Mwendo umazolowera muyeso wa masitepe oyamba, ndiye ukakumana ndi yosiyana ndi masentimita atatu okha umakola. Aphunzitsi a masamu, nayo ntchito ya Fomu 1 imene sifuna ndalama: atumeni ana akayeze masitepe a pasukulu panu.

Kugumula sitepeyo sikunali kotheka, choncho tinapaka mzere woyera m'mphepete mwa sitepe iliyonse, wa yovutayo nkuukulitsa. Magetsi akathima mizereyo imaoneka ngakhale ndi kuwala kwa foni. Tinagwirizananso kuti polishi wofiira azithera mukolido, pamasitepe asafikepo, chifukwa kuwala kwake nkosangalatsa koma kuterera kwake kungathyole munthu. Pomaliza tinaika chogwirira: mtengo wowongoka wa bulugama, wosendedwa ndi kupalidwa bwino, womangirira pa tizitsulo timene wowotcherera anatipindira, pa msinkhu wa masentimita 90.

Chogwirirachi ndinaikira mayi anga. Anathyola tiyi zaka zoposa makumi awiri m'mapiri muno, ndipo mawondo awo anatha. Kale akabwera kudzacheza ankatsika masitepewa chokhala, kapena kudikira mdzukulu awagwire dzanja. Pano amatsika okha. Pamwamba pa masitepe, pamene denga latalika, ndinapachikapo dengu lawo lothyolera tiyi, limene linkangodyedwa ndi chiswe kuseri kwa nkhokwe kumudzi. Ataliona koyamba anagwira pakamwa. “Mwana iwe, chimenechi nchokongoletsera nyumba? Anthu adzati chiyani?” Kwa iwo dengulo linali chizindikiro cha umphawi. Ndinawauza kuti fizi yanga ya kusekondale inatuluka m'menemo. Sanayankhe. Koma madzulo ake ndinawamva atakhala pa sitepe yapamwamba, zidzukulu zitakhala m'munsi mwawo ngati m'kalasi, akuwafotokozera za kulawira mame asanakamuke, za mzere wa pa sikelo, za akapitawo ndi nyimbo zimene ankaimba pothyola. Zina mwa nkhanizo ngakhale ine ndinali ndisanazimvepo.

Kuyambira pamenepo alendo sathamangiranso kukhala pampando. Amaima mukolido, chala pachithunzi, kufunafuna nkhope ya mbale wawo. Ophunzira akale akabwera patchuthi mumakhala phokoso, wina kuseka tsitsi la mnzake, wina kudabwa kuti anali woonda chotero. Mwana wa mlongo wanga uja atabweranso anayenda kuchokera kumtunda mpaka kumunsi akuwerenga masamba a tiyi mokweza, nkundiuza kuti alipo 84.

Mnzanga wa funso lija anabwera kudzaona. Anayendera zonse mwakachetechete, nkugwedeza chogwirira kuti aone ngati chalimba, kenako anabwereza funso lake, koma ulendo uno mosaseka. Ndinamuwerengera. Transifa ikabwera, zithunzi, kalilole ndi dengu zidzakwera nane lole. Ngalande, laimu, lata loonekera, mizere yoyera ndi chogwirira zidzatsala. Kenako ndinamutengera kuseri kwa khitchini nkumuonetsa mtengo wa mapeyala umene ana anga amadya chaka chilichonse. Anaubzala ndi mphunzitsi wina amene anakhala muno kalekale, dzina lake sindilidziwa, ndipo mwina anasamutsidwa usanayambe nkubereka komwe. Nyumba za sukulu zambiri zimaoneka ngati mabwinja chifukwa aliyense wolowamo amadziona ngati mlendo wodikira basi, zaka khumi nkutha akudikirabe. Mnzangayo sanavomere kuti ndamugonjetsa, mukumudziwa mphunzitsi, koma sabata yotsatira anatumiza mwana kudzabwereka chibenthu cha masamba chija.

Kwa inu amene mukuchita lendi ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Joni, yambani mwalankhula ndi eni nyumba musanakhome msomali, ndipo sankhani zinthu zimene mungadzachotse osawononga khoma. Simufunika zambiri. Thumba la laimu, kalilole kamodzi ndi zithunzi zitatu za anthu anu zikhoza kukwanira.

Ndili ndi pempho. Pakhoma langa pali mipata iwiri: chithunzi cha Fomu 4 ya 2009 ndi cha 2011 ndilibe. Misomali ndinakhoma kale, mafulemu alipo, akungodikira. Ngati wina wa inu anasunga, chijambuleni bwino pa foni munditumizire, kapena mupatsire aliyense wobwera kuno, ndidzachapitsa nkukubwezerani chanu. Ndipo mukadzafika kwa Kapichi musadzangodutsa pamsewu. Dzaloweni mudzadzione m'mene munalili, tiyi alipo.